Gaston Planté

Raymond Louis Gaston Planté (22 April 1834 – 21 May 1889) anali katswiri wa sayansi ya magetsi wa ku France. Amadziwika kwambiri chifukwa chotulukira batire la mtovu ndi asidi mu 1859. Ili linali batire loyamba lotheka kutchajidwa mobwerezabwereza n'kugwira ntchito yooneka. Mabatire olizira injini za magalimoto, ambiri mwa amene amasunga magetsi a sola m'nyumba, komanso amene amathandiza m'zipatala ndi pa nsanja za mafoni magetsi akathima, amagwirabe ntchito motsatira njira imene iye anapeza. Ali mnyamata anapezanso mafupa a mbalame yakale kwambiri imene inapatsidwa dzina lake, Gastornis.

Batire la Planté ndi chitsanzo chachikulu pa nkhani yopanga mabatire mosawononga chilengedwe. Mtovu, chitsulo chimene iye anasankha, umatheka kusungunulidwa n'kupangira batire lina kambirimbiri popanda kuchepa mphamvu, moti kumene zinthu zili m'dongosolo pafupifupi mabatire onse akutha amabwerera ku fakitale. Mtovu womwewo ndi poizoni woopsa, ndipo wapha ana ndi kudwalitsa anthu ambiri m'madera amene mabatire amaswedwa ndi kusungunulidwa mwachisawawa.

Ubwana ndi maphunziro

Planté anabadwira ku Orthez, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Béarn, kum'mwera chakumadzulo kwa France, kufupi ndi mapiri a Pyrénées amene ali m'malire a dzikolo ndi Spain. Banja lake linali lopeza bwino komanso lodziwika m'tauniyo. Iye anali wachiwiri mwa ana aamuna atatu. Mkulu wake Léopold anaphunzira zamalamulo, ndipo mng'ono wake Francis, wobadwa mu 1839, anadzakhala mmodzi mwa anthu oimba piyano otchuka kwambiri ku France. Mu 1841 banjali linasamukira ku Paris kuti anawo akapeze maphunziro abwino. Francis anapambana mphoto yoyamba ya piyano pa sukulu yaikulu ya zoimba ya mumzindawo mu 1850, ali ndi zaka 11 zokha, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1934.

Gaston anaphunzira pa sekondale ya Lycée Charlemagne, kenako anakachita masamu ndi sayansi ku Sorbonne. Mu 1854, ali ndi zaka 20, analembedwa ntchito yothandiza mphunzitsi wa fizikisi ku Conservatoire des Arts et Métiers, sukulu ya zaumisiri ya ku Paris. Ntchito yake inali kukonza zipangizo za mu labotale ndi kuchita zoyeserera pamaso pa ophunzira. Mphunzitsi amene ankamuthandizayo anali Edmond Becquerel, yemwe mu 1839 anali atapeza kuti kuwala kukagwera pa zinthu zina kumatulutsa magetsi. Mfundo imeneyi ndi imene inadzakhala maziko a mapanelo a sola. Choncho nzeru za panelo la sola ndi za batire la mtovu, zinthu zimene masiku ano anthu amagula pamodzi, zinachokera kwa anthu awiri amene ankagwira ntchito mu labotale imodzi.

Mbalame ya ku Meudon

Asanazame pa zamagetsi, Planté ankakondanso kufufuza miyala ndi mafupa a zamoyo zakale. Mu 1855 anapeza fupa la mwendo wa mbalame yaikulu m'miyala ya ku Meudon, kum'mwera chakumadzulo kwa Paris. Katswiri wa miyala Edmond Hébert anatcha mbalameyo Gastornis parisiensis, ndipo mawu oyambawo amatanthauza mbalame ya Gaston. Mbalameyi inakhalako zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo, sinkauluka, ndipo inkatha kutalika pafupifupi mamita awiri. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti inkadya nyama chifukwa cha mlomo wake waukulu, koma kafukufuku wa m'zaka zaposachedwapa akusonyeza kuti inkadya zomera. Planté anali ndi zaka pafupifupi 21 pamene dzina lake linalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa mbalameyi.

Mabatire a nthawi yake

Batire loyamba linapangidwa ndi Alessandro Volta wa ku Italy, yemwe analilengeza mu 1800. Iye ankasanjikiza timapuleti ta zinki ndi ta kopa kapena siliva, n'kuika kansalu konyowa ndi madzi amchere pakati pake. Pambuyo pake panabwera mabatire ena amphamvu, monga la John Frederic Daniell mu 1836, la William Grove mu 1839 ndi la Robert Bunsen mu 1841. Onsewa anali ndi vuto limodzi: ankapanga magetsi mwa kudya zinki. Zinkiyo ikatha, munthu ankayenera kutaya madzi a mankhwalawo n'kuikamo zitsulo ndi mankhwala atsopano. Mabatire a Grove ndi a Bunsen ankatulutsanso utsi wapoizoni, moti sankafunika kuikidwa m'chipinda chotseka.

Akatswiri ena anali ataona kale chinthu chimene chinadzathandiza Planté. Nicolas Gautherot wa ku France mu 1801, ndi Johann Wilhelm Ritter wa ku Germany patangopita nthawi yochepa, anapeza kuti zitsulo zoviikidwa m'madzi a mankhwala zikadutsitsidwa magetsi, zimabweza timagetsi tochepa zikachotsedwa ku batire. Mu 1854 dokotala wa asilikali wa ku Germany, Wilhelm Josef Sinsteden, anaona zomwezo pa mapuleti a mtovu oviikidwa mu asidi. Koma palibe amene anali atapanga chipangizo chogwira ntchito kuchokera pa zimenezi. Kwa anthu ambiri, magetsi obwererawa anali chabe chosokoneza chimene chinkafooketsa mabatire.

Kutulukira batire la mtovu

Mu 1859 Planté anayamba kuyesa zitsulo zosiyanasiyana chimodzichimodzi, monga siliva, kopa, golide, pulatinamu, aluminiyamu ndi mtovu, kuti aone chimene chimabweza magetsi ambiri komanso kwa nthawi yaitali. Anapeza kuti mtovu woviikidwa mu asidi wa sulfuric wosungunulidwa ndi madzi unkaposa zina zonse.

Selo yake inali yosavuta kupanga. Ankatenga malata awiri aataliatali a mtovu, n'kuwalekanitsa ndi nsalu yokhuthala kuti asakhudzane. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito timizere ta labala m'malo mwa nsaluyo. Ankakulunga malatawo ngati mphasa n'kuwaika mu mtsuko wagalasi wokhala ndi madzi amene gawo limodzi mwa magawo 10 linali asidi. Mu March 1860 anakaonetsa ku Académie des Sciences, bungwe lalikulu la asayansi ku France, batire la maselo 9 otere oikidwa m'bokosi limodzi. Batireli linkatha kutulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi kuposa mabatire ena onse a kukula kofanana nalo.

Poyamba selo ya Planté inkasunga magetsi ochepa, chifukwa pamwamba pokha pa mtovuwo ndi pamene pankagwira ntchito. Kwa zaka zoposa 10 iye anafunafuna njira yothetsera vutoli. Anapeza kuti akatchaja selo, n'kuikhuthula, n'kuitchajanso atatembenuza mawaya, komanso kuipumitsa pakatipakati, pamwamba pa mtovupo pamafewa n'kukhala ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji. Asidi amalowa m'timabowoto, ndipo seloyo imasunga magetsi ochuluka. Ntchito yokhwimitsa mapuleti mwa njira imeneyi inkatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi.

Mmene batireli limagwirira ntchito

Batire likakhala lotchajidwa, puleti ya pozitivi imakhala yokutidwa ndi mtovu wosakanikirana ndi okosijeni, wooneka mofiirira, umene akatswiri amautcha lead dioxide. Puleti ya negetivi imakhala ya mtovu weniweni wonga siponji. Batire likamagwira ntchito, mapuleti onse awiri amasanduka pang'onopang'ono kukhala lead sulfate, chinthu choyera chopangidwa ndi mtovu ndi asidi uja, ndipo asidiyo amasukuluka n'kumayandikira kukhala madzi. Potchaja, magetsi amalowetsedwa mobwerera, ndipo zonse zimabwerera mmene zinalili. Amene anafotokoza bwino kasinthidwe kameneka anali John Hall Gladstone ndi Alfred Tribe a ku Britain mu 1882.

Selo imodzi imatulutsa mavolti pafupifupi awiri. N'chifukwa chake batire la galimoto la mavolti 12 limakhala ndi maselo 6. Batire likasiyidwa nthawi yaitali lili lopanda moto, lead sulfate uja amauma n'kulimba moti sasinthikanso, ndipo batire limafa msanga. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabatire a sola a m'nyumba amathera nthawi yake isanakwane, makamaka ngati munthu akugwiritsa ntchito batire la galimoto, lomwe linapangidwira kutulutsa mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini.

Uphunzitsi ndi ntchito zina

Mu 1860 Planté anakhala mphunzitsi wa fizikisi ku Association polytechnique, bungwe limene linkaphunzitsa anthu wamba ndi antchito a ku Paris. M'zaka za m'ma 1860 anagwirakonso ntchito ku kampani ya Christofle, yodziwika popanga masipuni, mafoloko ndi ziwiya zina zokutidwa ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi. Kumeneko anasonyeza kuti mtovu ungalowe m'malo mwa pulatinamu, chitsulo chodula kwambiri, pa ntchito youmba zifanizo za kopa ndi magetsi. Atachoka kumeneko anathera nthawi yake yambiri mu labotale yakeyake ku Paris.

Kwa zaka pafupifupi 20 batire lake silinafale kwambiri. Chifukwa chachikulu chinali chakuti panalibe njira yotsika mtengo yolitchajira. Munthu ankafunika mabatire a Bunsen kuti atchaje la Planté, ndiye kuti zinki inkadyekabe. Linkagwiritsidwa ntchito pa zinthu zochepa zofuna mphamvu yambiri kwa kanthawi, monga kutenthetsa kawaya ka pulatinamu kamene madokotala ankawotchera zilonda pochita opaleshoni, kuphulitsira miyala m'migodi ndi kuyatsa nyale. Zinthu zinayamba kusintha Zénobe Gramme wa ku Belgium atapanga dainamo yodalirika, imene anaionetsa ku Paris mu 1871. Kuyambira pamenepo magetsi ankatheka kupangidwa ndi injini ya nthunzi kapena mphamvu ya madzi n'kusungidwa mu batire.

Kafukufuku wa mphezi

Planté ankaona batire lake ngati chida chofufuzira zinthu za m'chilengedwe. Analumikiza maselo 800 kuti apeze magetsi amphamvu kwambiri, ndipo nawo ankayesa kutengera mphezi ndi zinthu zina zochitika mumlengalenga, kuphatikizapo mphezi yooneka ngati mpira wamoto imene anthu ena amati anaiona. Mu 1877 anapanga makina okhala ndi timapuleti tambiri ta mwala wonyezimira wa mica. Timapuletito tinkatchajidwa tonse pamodzi, kenako n'kulumikizidwa mondondozana kuti mphamvu yake iwonjezekane n'kutulutsa moto wothetheka ngati mphezi. Mfundo yomweyi ndi imene Erwin Marx wa ku Germany anagwiritsa ntchito mu 1924 popanga makina amene mpaka lero amayesera ngati zipangizo za magetsi zingapirire mphezi.

Mu 1879 anasindikiza buku lotchedwa Recherches sur l'électricité, lofotokoza kafukufuku wake wa zaka 20. Mu 1888 anatulutsa lina lonena za magetsi a mumlengalenga, Phénomènes électriques de l'atmosphère.

Kuyamba kwa mafakitale a mabatire

Amene anachititsa kuti batire la mtovu lizipangidwa mochuluka anali Camille Alphonse Faure, katswiri wina wa ku France. Cha m'ma 1881 iye anapeza kuti m'malo modikira miyezi kuti mapuleti akhwime, munthu angathe kumata phala la ufa wa mtovu pa mapuletiwo, ndipo batire limakhala lokonzeka m'masiku ochepa. Ena anawonjezera nzeru yopanga mapuleti okhala ngati sefa kuti phalalo lizigwira bwino, komanso yosakaniza mtovu ndi chitsulo cha antimony kuti ukhale wolimba. Ku Luxembourg, Henri Tudor anakonza mapuleti okhalitsa ndipo anayamba kuwapanga m'fakitale m'zaka za m'ma 1880.

Mu April 1881 Gustave Trouvé anayendetsa njinga ya matayala atatu yoyendera mabatire a mtovu mumsewu wina wa ku Paris, ndipo mwezi wotsatira anayendetsa bwato pa mtsinje wa Seine. Pa 29 April 1899 Camille Jenatzy wa ku Belgium anakhala munthu woyamba kuthamangitsa galimoto kupitirira makilomita 100 pa ola, ndipo galimotoyo, La Jamais Contente, inali yamagetsi yoyendera mabatire a mtovu. Mu 1912 kampani ya Cadillac ya ku United States inayamba kuika sitata yamagetsi, yokonzedwa ndi Charles Kettering, m'magalimoto ake. Kuchokera nthawi imeneyo batire la mtovu linayamba kulowa m'galimoto iliyonse, ndipo kufunika kwa mtovu kunakwera limodzi ndi kuchuluka kwa magalimoto.

Njira ya Faure inabweretsanso vuto latsopano m'mafakitale. Kupera mtovu kukhala ufa, kukanya phala ndi kulimata pa mapuleti kunkatulutsa fumbi limene antchito ankapuma, ndipo kupanga mabatire kunakhala imodzi mwa ntchito zimene anthu ankadwala nazo kwambiri matenda a mtovu.

Zaka zomaliza ndi imfa

Mu 1881, chaka chimene ku Paris kunachitika chionetsero chachikulu cha mayiko onse cha zamagetsi, Planté analandira ulemu wa boma la France wa Légion d'honneur. Académie des Sciences inamupatsa mphoto ya Lacaze, ndipo ndalama zake anazipereka ku bungwe lothandiza asayansi ovutika ndi mabanja awo. Analandiranso mendulo ya Ampère kuchokera ku bungwe lolimbikitsa ntchito za mafakitale ku France. Pamene ena ankatsegula makampani ndi kulimbirana umwini wa nzeru zopangira mabatire, iye anapitiriza kafukufuku wake mu labotale.

M'zaka zake zomaliza thanzi lake silinali bwino. Anamwalira pa 21 May 1889 ku Bellevue, kufupi ndi Meudon komwe anapeza fupa la mbalame lija, ali ndi zaka 55. Anasiyira Académie des Sciences chuma choti chizikhala mphoto ya anthu ofufuza zamagetsi. Ena mwa amene analandira mphoto imeneyi ndi Pierre Curie ndi mkulu wake Jacques mu 1895.

Kupanganso mabatire akutha

Masiku ano pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a mtovu wogwiritsidwa ntchito padziko lonse amapita ku mabatire, ndipo mtovu woposa theka la wonse umene umayengedwa chaka chilichonse umachokera ku zinthu zakutha, makamaka mabatire. Ku United States, pafupifupi mabatire a mtovu 99 pa 100 alionse amabwezedwa kuti akapangidwenso. Ndi zinthu zochepa kwambiri zogulidwa m'masitolo zimene zimafika pamenepa.

Pali zifukwa zingapo, ndipo zambiri zimachokera pa kuphweka kwa batire limene Planté anapanga. Mapuleti onse awiri ndi a chitsulo chimodzi, choncho sipafunika ntchito yaikulu yolekanitsa zitsulo. Mtovu umasungunuka pa kutentha kwa madigiri 327 okha, pamene kopa amafuna madigiri oposa 1,000. Mabatire a makampani osiyanasiyana amafanana mkati mwake. Komanso pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa batire la galimoto ndi mtovu, choncho batire lakufa limakhalabe ndi mtengo ndipo pamapezeka wolifuna. M'mayiko ena wogula batire latsopano amalipira ndalama yapadera imene amabwezeredwa akabweretsa lakale.

M'fakitale yoyendetsedwa bwino, mabatire amaphwanyidwa ndi makina m'malo otsekedwa. Zidutswa zake zimaponyedwa m'madzi, momwe pulasitiki amayandama ndipo mtovu umamira. Pulasitikiyo amakapangira mabokosi a mabatire atsopano. Asidi amathiridwa mankhwala omupha mphamvu, kapena amasandutsidwa mchere wogwiritsidwa ntchito popanga magalasi ndi sopo waufa. Mtovu umasungunulidwa m'ng'anjo zokhala ndi zosefera utsi, ndipo antchito amavala zodzitetezera, amasamba ndi kusintha zovala asanapite kwawo, komanso amayezedwa magazi nthawi ndi nthawi.

Kukhalitsa kwa batire ndi mbali inanso ya nkhaniyi, chifukwa batire lokhalitsa limachepetsa chiwerengero cha ofunika kupangidwa. Batire la galimoto limatha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu. Koma mabatire a mapuleti okhuthala a mtovu weniweni, amene mpaka lero amatchedwa a mtundu wa Planté, amagwiritsidwabe ntchito m'malo opangira ndi kugawira magetsi, ndipo amatha kukhala zaka 20 kapena kuposerapo.

Poizoni wa mtovu

Kuopsa kwa mtovu kunkadziwika kale Planté asanayambe ntchito yake. Mu 1839 dokotala wa ku Paris, Louis Tanquerel des Planches, anasindikiza buku lalikulu lofotokoza odwala oposa 1,000 amene anawaona pa chipatala cha Charité, ambiri mwa iwo antchito opanga kapena kupaka penti ya mtovu. Mtovu umalowa m'thupi kudzera mu fumbi, utsi, chakudya ndi madzi, ndipo umasungika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Kwa akuluakulu umayambitsa kupweteka kwa m'mimba, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso, ndipo amayi oyembekezera amatha kupita padera. Ana ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa matupi awo amayamwa mtovu wambiri kuposa a akuluakulu ndipo ubongo wawo umakhala ukukula. Mwana amachepa magazi, amavutika kuphunzira, ndipo mtovu ukachuluka amakomoka ngakhale kumwalira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la mu 2020 linayerekezera kuti ana okwana mpaka 800 miliyoni, kapena mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo linatchula kusungunula mabatire mosasamala kuti ndi chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu.

Mtengo wa mtovu, umene umachititsa kuti mabatire akutha asatayidwe, ndi womwenso umakopa anthu kuti aziwaswa pamanja. M'mayiko ambiri osauka mabatire amaswedwa ndi nkhwangwa kapena zikwanje kuseri kwa nyumba, asidi amakhuthulidwa pansi, ndipo mtovu umasungunulidwa m'mapoto pamoto wa nkhuni kapena makala. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa November 2007 ndi March 2008. Anthu kumeneko anakhala akuswa mabatire kwa zaka zambiri, ndipo mtengo wa mtovu utakwera anayamba kusefa dothi la pamalopo ndi kulisunga m'nyumba zawo kuti apezemo tizidutswa togulitsa.

Mafakitale osatsatira malamulo nawonso avulaza anthu. Ku Owino Uhuru, m'dera la Mombasa ku Kenya, fakitale yosungunula mabatire inatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi nyumba za anthu. Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito kumeneko ndipo mwana wake anapezeka ndi mtovu m'magazi, anatsogolera anthu a m'deralo mpaka fakitaleyo inatsekedwa mu 2014. Iye analandira mphoto ya Goldman ya oteteza chilengedwe mu 2015. Mu 2020 khoti linalamula kuti anthuwo apatsidwe chipukuta misozi cha ndalama za ku Kenya zokwana mashilingi 1.3 biliyoni, ndipo khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagwirizana ndi chigamulochi mu December 2024.

Mtovu watsopano wochokera m'migodi ulinso ndi mavuto ake. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki umene kale unkatchedwa Broken Hill unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Ngakhale unatsekedwa, milu ya zinyalala zake ndi dothi la m'makomboni oyandikana nawo zikadali ndi mtovu wambiri, ndipo ana ambiri a m'maderawo apezeka nawo m'magazi pa mlingo woopsa. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, kumene mabanja ambiri akumidzi alibe magetsi a m'mawaya, mabatire a mtovu ndi amene amayatsa nyale, wailesi ndi TV komanso kutchajira mafoni. Kufala kwa sola kukutanthauza kuti mabatire akutha nawonso akuchuluka, ndipo ambiri amathera kwa ogula zitsulo zakutha.

Malamulo ndi mabatire atsopano

Mu March 1989, patatsala miyezi iwiri kuti zikwane zaka 100 Planté atamwalira, mayiko anagwirizana Pangano la Basel loyang'anira katumizidwe ka zinyalala zoopsa kuchoka m'dziko lina kupita lina. Panganoli linayamba kugwira ntchito mu 1992, ndipo mabatire a mtovu akutha ali m'gulu la zinyalala zimenezi. Mayiko a mu Africa anapanganso Pangano la Bamako mu 1991, loletsa kulowetsa zinyalala zoopsa mu Africa. Mu 2017 msonkhano wa United Nations woona za chilengedwe unapempha mayiko kuti akonze njira zabwino zosonkhanitsira ndi kusungunulira mabatire a mtovu.

Kuyambira mu 1991, pamene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion, batire la Planté lakhala likupikisana ndi mtundu wopepuka umene umasunga magetsi ochuluka kangapo pa kilogalamu iliyonse. Mabatire atsopanowa ali ndi mafunso awoawo okhudza chilengedwe ndi ufulu wa anthu. Pafupifupi magawo 70 pa 100 a cobalt wa padziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, komwe ena amakumba pamanja m'maenje oopsa. Kupanganso mabatire a lithium n'kovutirapo chifukwa amakhala ndi zitsulo zingapo zosakanikirana ndipo makampani amawapanga mosiyanasiyana. Kusiyana kumeneku kumaoneka mu lamulo la European Union la mu 2023, lomwe likufuna kuti kuyambira mu 2031 mabatire akuluakulu ndi a magalimoto azikhala ndi mtovu wochokera ku zakutha wokwana magawo 85 pa 100, pamene cobalt ndi magawo 16, ndipo lithium ndi nickel ndi magawo 6 okha. Magalimoto ambiri amagetsi amakhalabe ndi batire laling'ono la mtovu la mavolti 12 loyendetsera nyale ndi makompyuta ake.

Chikumbutso

Kupatula mbalame ya Gastornis, dzina la Planté linaperekedwa ku chigwa china cha pa mwezi, chimene chili mbali yosaoneka kuchokera padziko lapansi. Mu 1989, pokumbukira kuti papita zaka 100 chimwalirireni, bungwe la asayansi la Bulgarian Academy of Sciences linakhazikitsa Mendulo ya Gaston Planté. Mendulo imeneyi imaperekedwa kwa akatswiri amene athandiza kwambiri pa sayansi ndi kapangidwe ka mabatire a mtovu ndi asidi.